Tsiku limodzi ndi wotiperekeza mu Bangkok: nyenyezi 4 pa 5

Ine ndi achemwali anga tinapita ku Bangkok, m'dziko la Thailand, kukaoda zovala kumsika wa Pratunam. Katundu titamanga tinatsala ndi tsiku limodzi, ndiye ku hotela anatilumikizitsa ndi kampani ina yaing'ono yoperekeza alendo. Anatitumizira mayi wina wolankhula Chingerezi chomveka.

Chomwe ndikuwayamikira kwambiri mayiwa n'choti anakana kutikweza galimoto. Anati m'mawa misewu imadzaza moti tikanathera nthawi yathu yonse pamzere. Tinakwera sitima yam'mwamba ya BTS mpaka pa siteshoni ya Saphan Taksin, n'kutsikira padoko kukakwera boti la pamtsinje wa Chao Phraya. Botilo silichedwa padoko, mluzu ukangolira basi lanyamuka. Achemwali amaopa madzi, koma mayiwa ankawagwira dzanja pokwera ndi potsika paliponse, osawafulumizitsa.

Usiku wa dzulo lake anali atatiimbira kuti tivale zobisa mapewa ndi miyendo. Zinatithandiza, chifukwa pachipata cha nyumba zachifumu za Grand Palace tinaona ena akubwezedwa. Polowa tinalipira ma baht (ndalama za kumeneko) 500 aliyense. Nyumba zachifumuzi anayamba kuzimanga mu 1782, nthawi ya mfumu Rama I, ndipo golide wake dzuwa likamuwomba maso amachita kuwawa. Koma ine mtima unatsalira ku kachisi wa Wat Pho, komwe kuli chifanizo cha Buddha chogona, chotalika mamita 46. M'mbali mwake andanditsa mbale zachitsulo 108 zomwe anthu amaponyamo makobidi, ndiye chipinda chonse chimangomveka ngwee ngwee. Ife ndife Akhristu, ndipo mayiwa sanatikakamize kuchita mwambo uliwonse. Anangotiuza povulira nsapato, komanso kuti tikakhala pansi mapazi asaloze chifanizocho.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha madzulo. Titawoloka kuchokera ku kachisi wa Wat Arun, yemwe ali kutsidya kwa mtsinje, anatitengera kusitolo ya miyala yamtengo wapatali yomwe sitinaipemphe, ati ndi dongosolo la kampani. Tinakhalamo pafupifupi ola lathunthu, ogulitsa akutizungulira, ife titatopa ndi kutentha. Zinandiwawa, chifukwa nthawi imeneyo ndinkafuna tikaone msika wa maluwa wa Pak Khlong Talat, womwe uli pafupi ndi pomwe tinatsikira boti. Mukamalipira, neneranitu kuti zamasitolo simukufuna, ndipo akulembereni pa lisiti. Madzi akumwa nyamulani ambiri.