Shopu ya za Banting: chokoleti chawo musachiyerekeze, buledi yekha ndiye wa nzeru

Nyenyezi ziwiri pa zisanu, ndipo yachiwiriyo ndi ya buledi ndi mnyamata wa pa kauntala, osati ya mayi eni shopu.

Ine ndine wa shuga, uja wobwera munthu atakula, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Anesi a ku kiliniki atandiuza kuti ndichepetse papa (nsima ya kuno), mpunga ndi buledi woyera, ndinalowa za Banting zimene aliyense kuno akuzidziwa chiyambire pamene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town anazitchukitsa cha m'ma 2013. Kumva kwake n'kosavuta: siya sitachi ndi shuga, idya nyama, mazira, masamba ndi mafuta. Koma munthu wokula ndi mitanda itatu ya nsima sungangodzuka n'kuiwala, ndipo mashopu awa amatidikirira pomwepo. Mitengo yawo mukuidziwa kale anzanga, buledi mmodzi ndalama ya mabuledi angapo a ku spaza, timaokala ta kuno.

Nkhani yanga ndi chokoleti. Kutsogolo kwa paketi analemba zilembo zikuluzikulu kuti mulibe shuga wowonjezera, pa shelefu n'kupachikapo chikwangwani cha Banting. Zilembo za kumbuyo n'zoti ngakhale uvale magalasi suziona, ndiye ndinafunsa mwaulemu wonse: "Mayi, ine ndili ndi shuga, ichi ndingadye?" Anandiyankha akumwetulira kuti ndidye mosaopa, ngakhale chonse, anthu a shuga ndi amene amachigula. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa.

Ndinadya Lachisanu masana ku ntchito, nditamaliza kusita. Kukoma kokha ndisaname, chinakoma. Patapita maola awiri ndinadzibaya chala monga mwa nthawi zonse, kamakina n'kuonetsa kuti shuga wadutsa 10, pamene masiku ena ndikadya mazira ndi masamba amakhala cha m'ma 7. Ndinadabwa, koma nthawi yoweruka inali itakwana. Ndinakwera takisi ya ku tauni, mpando wa kumbuyo kwenikweni, pakona, anthu anayi titapanikizana, chikwama pamiyendo. Tili mu msewu wa Jan Smuts, magalimoto atathithikana ngati mmene amachitira Lachisanu la malipiro, m'mimba munayamba kubangula. Poyamba mpweya, kenako kupotokola, kenako thukuta lozizira pamphumi. Bambo amene anali pambali panga anandiyang'ana kawiri n'kutsegula windo. Tisanafike Rosebank ndinadziwa kuti ku siteji ya matakisi ya Bree sindikafika ndi ulemu wanga. Ndinakuwa kuti nditsike, anthu a mizere itatu n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi kuti ndidutse, dalaivala akung'ung'udza m'Chizulu, ine ndikuyenda mothina miyendo mpaka pa malo omwetsera mafuta. Mulungu sagona, mnyamata wothira mafutayo anali wa kwathu. Atangomva ndikudandaula ndekha m'Chichewa anati, "Amayi, makiyi ndi awa, chitseko chachiwiri kumanzere." Sanafunse zambiri. Ndinalipira takisi ina, ndipo usiku wonsewo ndinagonera pakhomo pa chimbudzi cha nyumba imene timakhala mabanja atatu. Amene mumakhala m'nyumba zogawana mukumvetsa manyazi ake.

M'mawa mwana wanga anajambula kumbuyo kwa paketi ndi foni n'kukulitsa zilembo. Choyamba pa mndandanda wa zosakaniza chinali maltitol. Pansi penipeni, timalemba tating'ono tonena kuti ukadya kwambiri umatsegula m'mimba. Maltitol ameneyu amapangidwa kuchokera ku sitachi, amatsekemera pafupifupi ngati shuga, ndipo mwalamulo sawerengedwa ngati shuga, n'chifukwa chake amalemba molimba mtima kutsogolo kuja. Koma gawo lina limalowa m'magazi n'kukweza shuga, mwina theka la mmene shuga weniweni amakwezera, ndipo lotsalalo limatsikira m'matumbo aakulu, kukakoka madzi ndi kufufuma. Ndiye unene kuti walipira ndalama zambiri kuti ulandire zilango ziwiri.

Lolemba ndinabwerera ndi risiti ndi pepala la chokoletilo. Sindinapite kukalalata. Mayi aja anamvetsera theka, n'kundifunsa ngati ndimamwa metformin, mankhwala a shuga aja, ati ameneyo ndiye amatsegula m'mimba. Zoona, metformin amachita zimenezo kwa ena, makamaka poyamba, koma ine ndamumwa zaka zambiri popanda vuto. Nditawaonetsa dzina la maltitol anati aliyense amadziwa kuti timadya kachidutswa kamodzi. Aliyense? Nanga "ngakhale chonse" uja ananena ndani? Anati katundu wotsegula sabwezedwa, n'kutembenukira kasitomala wina ine ndili chiimire, mawu ali m'kamwa. Ndalamayo si imene inandipweteka. Munthu wogulitsa zakudya kwa odwala n'kumayankha chonchi, chimenecho ndiye sindichiiwala.

Zina zimene ndagulako kumeneko sizifuna mawu ambiri. Mpunga wa kolifulawa umagwira ntchito, poti pa magalamu 100 a kolifulawa pali makabohaidireti (sitachi ndi shuga) okwana magalamu 5 okha pomwe mpunga wophika uli ndi 28, koma ndi kolifulawa wamba wopala basi. Gulani mutu wathunthu kwa amayi a mumsewu mupale nokha. Papa wa kolifulawa ndiye chipongwe. Mbamu sigwirika, imasungunuka m'zala, ndipo ndi therere zonse zimangosanduka phala. Manudozi opangidwa ku chomera cha konjac ukatsegula paketi amanunkha nsomba yogonera, uyenera kuwatsuka kwambiri ndi kuwaumitsa pa poto wopanda mafuta, ndipo poti ndi madzi okhaokha ndi ulusi wa chomera, pakatha ola njala yabwerera. Ufa wa alimondi sindinenako, mandasi ake anaphwasukira m'mafuta ndipo ndalama yake ndikanagula nkhuku ziwiri.

Tsiku lomwelo la Lolemba, ndikutuluka nditafufuma ndi mkwiyo, mnyamata wa pa kauntala ananditsatira mpaka pakhomo. Anati pepani mama, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndikafuna chotsekemera ndizifunsa cha erythritol, ndiponso ndiyese buledi wawo wa njere. Ndinagula kachidutswa mwamwano, kufuna kupeza chifukwa china chowanenera. Ayi ndithu, ndinagwa nayo. Buledi ameneyu amaphika okha kuseri, mulibe ufa wa tirigu, muli njere za mpendadzuwa, chitowe, linseed, mazira ndi makoko a njere za psyllium omangira. Ndi wolemera, wabulauni, sanamizira kukhala buledi wa mu shopu. Masilaisi awiri ndi peyala ndi dzira lowiritsa m'mawa, ndimakolopa nyumba yonse ya abwana mpaka masana osamva njala, ndipo kamakina kanga sikasuntha kwenikweni. Ndayeza mobwerezabwereza chifukwa sindinkakhulupirira. Erythritol nayenso ali bwino mu tiyi. Thupi siligwiritsa ntchito, wambiri amatuluka ndi mkodzo, kungoti amasiya kakuzizira m'kamwa komwe poyamba kamadabwitsa. Xylitol, chotsekemera china chimene chili pa shelefu yomweyo, samalani naye inu ogwira m'nyumba za agalu, ndi poizoni kwa galu ngakhale pang'ono, mungachotsedwe ntchito chifukwa cha bisiketi imodzi yogwa pansi.

Ndiye kodi zinthu zolowa m'malozi n'zoyenera ndalama yathu? Kwa ine zambiri ayi. Ndiwo zathu zinali za Banting kalekale a Noakes asanabadwe: nkhwani, bonongwe, therere, usipa umene umabwera ndi mabasi ochokera kumudzi, chiwindi, mapazi a nkhuku, mazira, mapeyala. Vuto linali phiri la nsima pambali pake. Masiku ano ndimakazinga kabichi wambiri, ndiye amakhala pamalo pa nsima, ndiwo n'kuchulutsa. Lamlungu ndimaphika nsima yeniyeni ya mgaiwa, kamtanda kamodzi kakang'ono, ndidye ndi manja mtima ukhale pansi, ndikatero ndiyeze. Kamtanda kameneko kamandikhutiritsa kuposa mbale yodzaza papa wabodza uja. Koma inu amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, musadule sitachi mwadzidzidzi musanalankhule ndi anesi, shuga atha kutsika mpaka kukomoka.

Buledi ndizigulabe, poti kwina sindinamupeze wofanana naye. Amatha nthawi isanakwane 12 koloko, makamaka Loweruka, ndiye lawirani. Sachedwa kuchita nkhungu chifukwa mulibe mankhwala osungira, muduleni nokha kunyumba ndi mpeni wakuthwa n'kumuika mu firiji ya madzi oundana. Musalole kuti akudulireni ndi makina awo, theka limathera zinyenyeswa.