Mafilimu akale: DVD, Blu-ray kapena pa intaneti?

Kulemba mndandanda wa mafilimu akale oti muonere sikuvuta. Ntchito ili pa kupeza kope labwino, makamaka la mafilimu aja amene anthu anawanyoza atangotuluka koma lero ali ndi owakonda awoawo. Musanasankhe koonera, lembani pambali pa dzina la filimu iliyonse kutalika kwake m'maminitsi ndi mulingo wa chithunzi chake, kutanthauza kutambalala kwake poyerekeza ndi msinkhu wake. Zonse ziwiri zili pa IMDb, tsamba la pa intaneti losunga zambiri za mafilimu, ndipo ndi zimene zikuuzeni ngati kope mwapezalo ndi lathunthu.

DVD ndi yotchipa, ndiponso siifuna netiweki. Ili ndi timavuto take. Filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma DVD ya PAL (kaonetsedwe ka TV ka ku Ulaya ndi kuno kwathu) imaziyendetsa 25, choncho filimu ya maminitsi 120 imathera pa 115 ndipo mawu amakwerako pang'ono. Pamenepo sanadule kanthu, musadandaule. Choopsa ndi DVD yolembedwa "full screen". Kuchokera mu 1953, njira yojambulira ya CinemaScope itabwera, mafilimu ambiri ankajambulidwa otambalala, ndipo kuti adzaze TV yakale ankawadula m'mbali, ena mpaka pafupifupi theka. Anthu awiri akukangana patebulo, inu mukuona mmodzi, winayo phewa lokha. Madisiki opanikiza mafilimu khumi pa 4.7GB ndiye asiyeni: mdima umasanduka timabokosi tonjenjemera, pomwe filimu yopanda mitundu moyo wake uli m'mithunzi.

Blu-ray ndiye mfumu. Imasunga liwiro la 24, ndipo makampani monga Criterion, BFI ndi Arrow amatulutsa makope oyeretsedwa kuchokera ku filimu yeniyeniyo. Mtengo ndi wowawa, choncho isungireni mafilimu asanu kapena khumi amene mudzabwereza. Onani chilembo cha chigawo musanalipire: America ndi A, Ulaya ndi Africa ndi B. Madisiki a Criterion ogulitsidwa ku America ndi okhomedwa ku A, makina a B amangowakana. Wachibale wa ku Britain akakugulirani a BFI, mulibe vuto. DVD nayo ili ndi zigawo: America 1, Ulaya ndi South Africa 2, Malawi ndi Zambia 5.

Pa intaneti mumaonera lero lomwe, koma bandulo imalira. Netflix imadya pafupifupi 1GB pa ola chithunzi chikakhala chapakati, mpaka 3GB pa HD, ndipo mafilimu akale ilibe ambiri. Filimu imathanso kusowa chilolezo chake chikatha, kotero ya pamndandanda wanu ikangoonekera, iikeni patsogolo.

Mafilimu opanda mawu a m'ma 1920 ndiye akuyenera Internet Archive, nkhokwe ya pa intaneti yosunga zakale, kumene amapezeka aulere chifukwa ku America umwini wawo unatha patadutsa zaka 95. Tsegulani makope awiri kapena atatu muyerekeze. Ambiri mwa mafilimuwa anajambulidwa pa liwiro lochepera 24, ndiye kope losasamalidwa limaonetsa anthu akuyenda mothamanga ngati akuthawa mvula. Sankhani lomwe akuyenda ngati anthu.

Kulikonse kumene mwaipeza, filimu ya m'ma 1930 ndi 1940 nthawi zambiri imakhala ndi mulingo wa 1.37:1, ndipo pa TV yamakono imasiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Musaikoke kuti idzaze sikirini. Ikani TV pa 4:3 kapena "original", apo ayi nkhope zonse zifufuma.