Kumvera Alembi a ku Ireland Tili ku Mzuzu: Kodi Bandulo Ikupita Pabwino?

Kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, ku Ireland zikondwerero za mabuku zimangotsatizana. Cúirt ya ku Galway, yomwe inayamba mu 1985, imachitika mu Epulo. International Literature Festival Dublin imabwera mu Meyi, Listowel Writers' Week ya ku Kerry chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, kenaka pa 16 Juni ku Dublin kumakhala Bloomsday, tsiku lokumbukira buku la Ulysses la James Joyce. Chiyambire mliri wa Covid mu 2020, pamene Cúirt inachitikira pa intaneti, misonkhano yambiri yotere imapezeka yojambulidwa pa YouTube ndi pa ma podcast. Ndiyo tikuunika pano, poganizira mlakatuli kapena mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Chibavi, Zolozolo kapena Luwinga amene ali ndi foni ndi bandulo basi.

Msonkhano umodzi umatenga pafupifupi ola. Woyendetsa mwambo amatchula alembi mwachidule, aliyense amawerenga kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka amacheza ndi woyendetsayo, pomaliza n'kupereka mpata wa mafunso. Gawo lowerengalo ndiye nyama yake. Mlembi amaima malo amodzi, pakamwa patatalikirana ndi maikolofoni ngati chikhatho chimodzi, amanena mawu awiri atatu za kumene ndakatuloyo inachokera, n'kuyamba. Sathamanga. Akamaliza ndime amapuma pang'ono kuti mawu alowe. Alakatuli athu amawaposa anthuwa pa mphamvu ya mawu ndi kugwedeza thupi, koma pa kusunga nthawi ndi kusankha ndakatulo zitatu zogwirizana m'malo mokhuthula kope lonse, apa pali chophunzira chachikulu, ndipo chifukwa cha chimenechi chokha bandulo siyapita pachabe.

Gawo locheza limatengera woyendetsa. Wina amafunsa za mmene mlembi anakonzera tsamba loyamba kangapo, ndipo umatolapo nzeru. Wina amalowerera m'nkhani za ndale ndi mayina a midzi ya kwawo komweko, zomwe wa ku Mzuzu amangozimva ngati mphepo. Mafunso a omvera ndiwo amakhumudwitsa kawirikawiri: wofunsa akayankhula asanapatsidwe maikolofoni, umangomva yankho osadziwa funso. Pamenepo ingodumphani.

Za nthawi n'zosavuta. Miyezi imeneyi Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi, choncho 7 koloko madzulo ku Galway ndi 8 koloko kuno. Kuchokera kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi kusiyana kwake ndi maola awiri. Komabe kuonera pa nthawi yomwe zikuchitika sitikukulimbikitsani. Si msonkhano uliwonse umene amauulutsa, ina imafuna tikiti ya ma euro yolipira ndi khadi ya kubanki, ndipo netiweki ikadula pakati pa ndakatulo, mwataya zonse. Ndi bwino kutsitsiratu zojambulidwa pa bandulo ya usiku. Kanema wa ola limodzi pa 360p amadya pafupifupi 300 MB, pomwe mawu okha pa podcast kawirikawiri sapitirira 60 MB. Popeza munthu amangoima n'kumawerenga, chithunzi chowala si chofunika, pokhapokha ngati mukufuna kuona kaimidwe kake.

Mukamamvera pagulu, sipika ya foni siikwanira, makamaka mu Epulo pamene mvula ya Mzuzu ikadali kugunda malata. Pezani sipika ya Bluetooth yotchajiratu, muiike pa tebulo lomwe mwayalapo chitenje kuti isamanjenjemere, anthu asapitirire 10. Mverani ndakatulo imodzi kawiri musanayambe kukambirana. Katchulidwe ka Chingerezi cha ku Kerry kapena ku Galway kamavuta poyamba, ngakhale amene anamvapo maulaliki a ansembe a ku Ireland mu Dayosizi ya Mzuzu sachedwa kuzolowera. Mawu olembeka okha pansi pa kanema musawadalire kwambiri: amaphonya mayina a malo, ndipo mlakatuli akatembenukira ku chiyankhulo cha makolo a ku Ireland cha Gaeilge amalemba zopanda mutu. Kuchepetsa liwiro la kanema kufika pa 0.75 kumathandiza kuposa mawuwo.

Za Bloomsday tichenjezeretu. Patsikuli anthu amavala zovala za mu 1904 n'kumawerenga ndi kusewera zigawo za buku la Ulysses la James Joyce, lomwe linatuluka mu 1922. N'zosangalatsa m'maso, koma kwa amene sanaliwerengepo bukuli n'zovuta kutsatira. Wailesi ya ku Ireland ya RTÉ inaliulutsa lonse mu 1982, pafupifupi maola 30, ndipo limapezeka ngati podcast. Gulu longoyamba kumene liyambire pa ndakatulo za ku Cúirt kapena nkhani zifupizifupi za ku Listowel, Ulysses ibwere pambuyo, gawo limodzi pa sabata.