RAM, SSD kapena browser ina: laputopu yakale ikamakwawa pa intaneti

Alamu anga ku Yeoville, kuno ku Joni, ali ndi laputopu ya Dell ya 2013, ya Core i3 ndi RAM ya 4GB, yomwe amalemberapo ma invoice a ntchito yawo yopenta nyumba. Word imatseguka ndithu, koma akangolowa pa Facebook ndi YouTube nthawi imodzi, kagudumu kaja kamangozungulira, fani n'kumalira ngati chigayo. Kushopu ina m'tauni anawauza kuti agule RAM (memory yosunga kwakanthawi zomwe mwatsegula), mnzawo wa kutchalitchi akuti SSD (chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hard drive). Ine ndinawapempha kuti asatulutse randi tisanaone pomwe pakudwala.

Tinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager n'kutseguka. Pa Performance pamaoneka mmene CPU (purosesa), Memory (RAM) ndi Disk (hard drive) zatanganidwira. Disk inali kale pa 100% tisanatsegule n'komwe browser (pulogalamu yolowera pa intaneti), ndipo titatsegula masamba asanu Memory inatsala pang'ono kudzaza.

Akushopu aja ndi mnzawo uja onse ankanena zoona, koma mosiyana kukula. RAM ikadzaza, Windows imakabwereka malo pa hard drive. Tsono hard drive ya m'malaputopu akale ndi mbale yozungulira, nthawi zambiri ka 5,400 pa mphindi, yowerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, pomwe SSD ya SATA imafika cha m'ma 500MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono timene browser imalemba ndi kuwerenga mosalekeza, kusiyanako n'kwakukulu kuposa apo. RAM yowonjezera imathandiza makamaka munthu wokonda kusiya masamba kapena mapulogalamu ambiri otsegula. SSD imapepukitsa zonse: kuyatsa, kutsegula mapulogalamu, ngakhale kubwereka malo kuja. Ndalama ikakhala ya chinthu chimodzi, ine ndimayamba ndi SSD. Mukasankha RAM, chonde tengani laputopuyo kushopu, chifukwa ya zaka zimenezo imafuna RAM ya mtundu wa DDR3 kapena DDR3L, ndipo DDR4 silowa m'malo mwake.

Pali njira yachitatu yosalira ndalama, imene anthu amaidelera. Zotsatsa malonda za pamasamba zimadya RAM, zimatopetsa CPU, komanso zimakutherani data ya Vodacom kapena MTN imene mwaigula movutikira. Browser ya Firefox yokhala ndi kapulogalamu ka uBlock Origin imazitsekereza bwino. Chrome inasiya kulola uBlock Origin yathunthu itasamukira ku malamulo ake atsopano otchedwa Manifest V3. Pa YouTube, makina akale amavutika ndi makanema a mtundu wa VP9, choncho kutsitsa chithunzi kufika pa 480p kumaziziritsa faniyo pomwepo.

CPU ikakakamira pamwamba laputopu ili kutentha pansi, limenelo kawirikawiri ndi fumbi lotseka fani, ndipo la kuno ku Joni m'mwezi wa Ogasiti mukulidziwa. Apo SSD kapena RAM sizipindula kanthu. CPU, Memory ndi Disk zonse zikakhala pansi koma masamba akuchedwabe, yesani foni pa Wi-Fi yomweyo. M'mayadi mwathu momwe rauta imodzi timagawana mabanja angapo, vuto limakhala la netiweki.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 siivomereza purosesa ya 2013. Alamuwo amalowa kubanki ndi kutumiza ndalama kumudzi pamakina omwewa. Ndiye titaika SSD ya 240GB tinathiramo Linux Mint ya Xfce m'malo mwa Windows, ma invoice akulembera mu LibreOffice m'malo mwa Word. RAM ya 8GB akuti aiona mwezi ukatha.