Sertraline kwa munthu wodwala mtima: ubwino wake ndi pomwe amavuta

Mwa anthu amene anapulumuka mtsempha wa mtima utatsekeka, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse amadwala matenda ovutika maganizo m'miyezi yotsatira. Munthu wotere amayamba kudumphitsa mapiritsi a mtima, tsiku lobwerera kuchipatala limamudutsa, ndipo ena amayambiranso fodya amene anasiya. Kumusiya osamuthandiza ndi kuika mtima womwewo pachiswe. Vuto ndi lakuti mankhwala ena ochiza maganizo amasokoneza kagundidwe ka mtima. Pa mankhwala amene alipo, ife timaika sertraline patsogolo kwa odwala mtima, ngakhale sitinganene kuti alibe chilema.

Sertraline ali m'gulu la SSRI, mankhwala amene amachulukitsa serotonin, kemikolo yotumiza mauthenga pakati pa timinyewa ta muubongo. Anavomerezedwa ku America mu 1991 ndi dzina la Zoloft, ndipo lero makampani ambiri amapanga. Chimene timamudalira nacho ndi chakuti anayesedwa pa odwala mtima enieni. Kafukufuku wa SADHART, wofalitsidwa mu 2002, anatenga anthu 369 ovutika maganizo amene anagonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha wa mtima kapena ululu wa pachifuwa wosakhazikika. Ena analandira sertraline wa pakati pa 50 mg ndi 200 mg patsiku, ena mapiritsi opanda mankhwala, kwa masabata 24. Mphamvu ya mtima yopopa magazi sinatsike, BP sinasinthe, ndipo ECG, chojambula kagundidwe ka mtima, sinaonetse choopsa. Amene anapindula kwambiri m'maganizo ndi omwe anadwalapo kale matendawa kapena amene anali atawapanikiza zedi.

Kwa anthu a mtima wofooka, uja wolephera kupopa mokwanira, nkhani yake ndi yogwetsako ulesi. SADHART-CHF wa mu 2010, pa odwala 469, anapeza kuti sertraline sanavulaze mtima, koma sanaposenso mapiritsi opanda mankhwala pochepetsa kuvutika maganizo. Apa uphungu ndi masewera olimbitsa thupi oyang'aniridwa ndi achipatala zisaikidwe pambali poganiza kuti piritsi lakwanira.

Kamwedwe kake si kovuta. Munthu amayamba ndi 50 mg kamodzi patsiku, m'mawa kapena madzulo, ndipo okalamba ndi ofooka ambiri amayamba ndi 25 mg kwa sabata yoyamba. Ngati pakufunika kukweza, dokotala amawonjezera pang'onopang'ono, osachepera sabata imodzi pakati, mpaka malire a 200 mg. Masiku oyamba ndi owawa: nseru, kutsegula m'mimba, mutu, kusowa tulo, mwinanso nkhawa kukwera. Kumwa mutadya kumachepetsa nseru. Phindu limayamba kuoneka pa sabata yachiwiri mpaka yachinayi, ndipo ambiri amasiyira pakati pomwepa, zovuta ataziona koma ubwino usanafike. Munthu akapeza bwino apitirize kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Posiya, mlingo utsitsidwe pang'onopang'ono kwa masabata 4 kapena ochulukirapo, chifukwa kudula mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, thukuta ndi kugunda kwa mtima komwe wodwala angakutenge ngati matenda a mtima abweranso.

Chilema chachikulu cha sertraline kwa odwala mtima ndi kutaya magazi. Tizigawo ta m'magazi totchedwa platelets sitipanga serotonin patokha, timachita kumutenga m'magazi ndi kumusunga kuti tidzagwiritse ntchito poundanitsa magazi pa bala. SSRI amatseka khomo lomwe tizigawoti timatengera serotonin ameneyu. Kwa munthu wabwinobwino zimenezi sizionekera kwenikweni, koma wodwala mtima nthawi zambiri amakhala ali kale pa mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin, clopidogrel kapena warfarin. Akawonjezera ibuprofen kapena diclofenac chifukwa cha msana, chiopsezo chotuluka magazi m'mimba chimakwera kwambiri. Pa ululu wamba paracetamol ndiye woyenera. Amene ali pa warfarin ayezetse INR, muyeso wa kaundanidwe ka magazi, poyamba, posintha mlingo ndi posiya sertraline. Dokotala akafuna kuteteza m'mimba mwa munthu amene akumwa clopidogrel, pantoprazole ndi wabwinoko kuposa omeprazole, amene amafooketsa clopidogrel. Chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi, kapena kamfuno wosasiya, ndi zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi kutsika kwa mchere wa sodium m'magazi, pansi pa 135 mmol/L. Izi zimakonda okalamba, makamaka amayi, ndi amene akumwa mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide, ndipo zimabwera m'masabata oyambirira. Gogo akayamba kusokonekera mutu, kugonagona kapena kugwa atangoyamba sertraline, achibale asafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Magazi ayezedwe. Tramadol nayenso asaphatikizidwe popanda dokotala kudziwa, chifukwa pamodzi amatha kuchulukitsa serotonin mpaka thupi kutentha, minofu kunjenjemera ndi mtima kuthamanga.

Ubwino wa sertraline umaonekera bwino mukamuika pambali pa amitriptyline, mankhwala akale amene amaperekedwanso pa ululu wa minyewa ndi kusowa tulo. Amitriptyline amatseka njira za sodium m'minofu ya mtima, motero mphamvu ya magetsi yomwe imagunditsa mtima imayenda mochedwa. Amathamangitsa mtima, ndiponso amagwetsa BP munthu akaimirira, nkuona mdima, nkugwa. Saperekedwa kwa amene mtsempha wa mtima wangowatsekeka kumene, kapena amene ali ndi vuto la kayendedwe ka magetsi mumtima. Akamwedwa mopyola muyeso ndi wakupha: QRS, nthawi imene magetsi amatenga kufalikira mumtima pa ECG, ikapitirira 100 ms (mamilisekondi) pamakhala chiopsezo chokomoka ndi kuphupha, ikapitirira 160 ms kagundidwe ka mtima kamatha kusokonekeratu, ndipo chipatala chimapereka sodium bicarbonate kudzera m'mtsempha. Kwa munthu amene ali ndi maganizo odzipha, kumupatsa botolo lodzaza amitriptyline ndi kulakwa kwakukulu. Sertraline sakhala woopsa chotero ngakhale atamwedwa wambiri.

Citalopram ndi wa gulu limodzi ndi sertraline, koma amatalikitsa QT, nthawi imene mtima umatenga kukonzekera kugunda kotsatira. QT ikatalika kwambiri pamatha kubuka kagundidwe koopsa kotchedwa torsades de pointes. Mu 2011 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika malire a 40 mg patsiku, ndipo kwa opitirira zaka 60 kapena odwala chiwindi malire ndi 20 mg. Escitalopram ali ndi khalidwe lomwelo mocheperako. Chimene chimapweteka anthu kawirikawiri ndi kusonkhana kwa zinthu: mchere wa potassium watsika chifukwa cha mapiritsi okodzetsa a furosemide kapena kutsegula m'mimba, kenako wina walemba erythromycin, quinine, haloperidol kapena ondansetron osafunsa kuti wodwala akumwa chiyani. Wodwala mtima ajambulidwe ECG asanayambe citalopram, ndipo QTc, yomwe ndi QT yowerengedwa molingana ndi liwiro la mtima, ikamakhala pamwamba pa 500 ms mankhwalawa asiyidwe.

Ena otsalawa tiwatchule mwachidule. Venlafaxine amakweza BP, makamaka pa mlingo waukulu, choncho sayenera munthu amene BP yake siinakhazikike. Fluoxetine ndi paroxetine amachedwetsa chiwindi kuchotsa metoprolol, mankhwala a mtima ndi BP, ndipo mtima umatha kugunda mochedwa mopitirira muyeso. Mirtazapine savutitsa mtima kwenikweni ndipo amathandiza osowa tulo ndi chilakolako cha chakudya, koma amanenepetsa, zomwe sizikomera wodwala shuga.

Sertraline timamuyamikira kwa munthu wovutika maganizo amene ali ndi matenda a mitsempha ya mtima kapena BP, malinga dokotala waona mapiritsi onse amene munthuyo akumwa, kuphatikizapo ogula yekha ndi azitsamba. Pitani nawo onse m'mapaketi ake. Muonanenso ndi dokotala pakatha masabata awiri, kapena sabata imodzi ngati wodwala ndi wosakwana zaka 25, poti pa msinkhu umenewu maganizo odzipha amatha kukwera kumayambiriro kwa chithandizo. Kukomoka, kupweteka pachifuwa kapena mtima kugunda modumphadumpha zisadikire tsiku limene munapatsidwa.