Matayala ndi abwino, koma mabawuti anamanga olakwika

Sitolo imene ndinagulako matayala a galimoto yanga ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo zitatuzo ndi za matayala okha. Phukusi lake ndi lija amatsatsa kuzizira kukayandikira: marimu anayi a mainchesi 18, matayala a m'chisanu a 225/45 R18 95V XL, masensa a mpweya ndi kumanga komwe. Mtengo wake si wamasewera.

Pa saizi sindingawanamizire, anasankha bwino. M'nyengo yotentha galimotoyi imayendera 255/35 R19 kumbuyo. Tayala limenelo likaima, kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 661, pomwe 225/45 R18 ndi 660, choncho sipidomita sikunama ndipo ABS, yoteteza mawilo kuti asaloke pomanga mabuleki, sikusokonezeka. Tayala locheperako m'lifupi limadula chipale chofewa n'kukagwira pansi, lotambalala limangoyandama pamwamba. Rimu ya 18 ikudutsanso bwino pa caliper, chitsulo chopana mabuleki, ngakhale mpata wake ndi wochepa zedi. Amene muli ndi mabuleki akuluakulu, yesani kaye rimu imodzi kutsogolo musanalipire, chifukwa pa yanga rimu ya mainchesi 17 sikanalowa n'komwe.

Chimene chandikwiyitsa ndi mabawuti. A galimotoyi ali ndi khosi lobulungira, pomwe mabowo a marimu atsopanowa ndi osongokera mkati, a madigiri 60. Makaniko wawo anangotola mabawuti akale n'kumanga. Bawuti lobulungira likalowa m'bowo losongoka limagwira pa kamzere kakang'ono kokha. Sipanala imafikadi pa mphamvu yomangira ya 130 Nm monga buku la galimoto limanenera, munthu n'kumati zatheka, koma aluminiyamu wa pamzerepo amafinyika galimoto ikamayenda ndipo bawuti limayamba kukhwepa. Pamwamba pa zimenezo, bowo la pakati pa rimu ndi la mamilimita 72.6 pomwe habu, pamene wilo limakhala, ndi ya 66.6, ndipo timaling'i todzaza mpatawo sanaikemo. Ndiye wilo silinakhale pakati penipeni. Chiwongolero chinkanjenjemera liwiro likangodutsa 100 km/h, ndipo poyang'ananso mabawuti, monga zimafunikira mukayenda makilomita 50 mpaka 100, ena a kumbuyo anali atakhwepa kale. Mabowo awo anali atadyeka, akunyezimira mphete yopyapyala pamene bawuti linkakhuza.

Pa kauntala yankho linali lakuti ndi nkhani ya balansi, ndibwere adzaikemo timitovu tina. Balansi siimasula mabawuti, bwana. Galimoto imeneyi mphamvu yake yonse imapita ku mawilo akumbuyo, ndipo munthu wogulitsa marimu a galimoto zothamanga amene sadziwa kusiyana kwa makosi awiriwa sayenera kuima pamenepo. Mkulu wa pamalopo ndiye anamvetsa atangoona bawuti limodzi. Anapereka mabawuti oyenera makumi awiri ndi timaling'i popanda kulipiritsa, anamanga yekha ndi sipanala ya torque, yoyeza mphamvu yomangira, ndipo kunjenjemera kunatheratu. Apo anachita za umunthu. Koma rimu yodyeka mabowo ija anakana kusintha, akuti idakali bwino.

Matayalawo okha sindiwadandaula. Ali ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale mkati, osati M+S yokha (matope ndi chipale) imene ena amakugulitsani ngati ya m'chisanu. Labala wake sauma kukazizira kutsika madigiri 7, ndipo timing'alu ta pa mapanga timaluma bwino ponyamuka ndi pomanga mabuleki. Pamsewu wouma galimoto yafewa, siyankha chiwongolero msanga monga pa matayala a nyengo yotentha, koma umo ndi mmene matayala a m'chisanu alili. Pa madzi oundana osalala amaterereka ndithu, musadzinamize. Pa 95V paja, chilembo V chikutanthauza kuti malire ndi 240 km/h, ndipo 95 ndi makilogalamu 690 pa tayala limodzi. Manambala anayi omaliza a DOT, yolembedwa m'mbali mwa tayala, amasonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ndipo awa anali atsopano, osati ogonera m'sitolo. Mpweya umatsika pafupifupi 0.1 bar kukazizira ndi madigiri 10 aliwonse, choncho kanyali ka mpweya kakayaka m'mawa yambani mwapima musanaganize kuti masensa afa. Mapanga akatsika kufika mamilimita 4, tayala la m'chisanu latha ntchito ngakhale likuoneka labwino.

Marimu ndi opaka penti yokhayokha, zimene zili bwino chifukwa mchere wa pamsewu umadya msanga aja opukutidwa nkhope. Mukagula kumeneku, musachoke asanakuonetseni bawuti limodzi pambali pa bowo la rimu, komanso ling'i itakhala pa habu. Ine chaka chamawa matayala ndidzagulanso omwewa, koma kumanga ndidzakamangitsa kwina.