WhatsApp, Google Docs kapena Moodle: tiziunikirana kuti ntchito zathu?

Anzanga a chaka choyamba akhala akundifunsa funso limodzimodzi: tikapanga phunziro la pa intaneti, kaya ndi kavidiyo kaya ndi masilaidi okhala ndi mafunso, tizipatsirana kuti ndemanga tisanapereke kwa aphunzitsi? Ndayesa njira zonse zitatu, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Aliyense amathamangira ku gulu la pa WhatsApp, ndipo m'pomveka. Bandulo yake ndi yotchipa, foni iliyonse imatha, ndipo ukhoza kuonera ntchito ya mnzako uli m'minibasi ya ku Area 25. Koma tamverani zomwe zimabwera kumeneko: "Zili bho." "Mwaitha, achimwene." Kenako zala zazikulu zoloza m'mwamba, basi.

Mnzathu wina anajambula kavidiyo kophunzitsa alimi kapangidwe ka manyowa a Mbeya. Anajambulira ku dimba, mphepo ikuwomba pa maikolofoni, moti pomwe ankatchula muyezo wa phulusa ndi madeya mawu sankamveka n'komwe. Pamenepo ndiye panagona phunziro lonse. Anthu anaonera, anayamikira, koma panalibe womuuza. Pagulupo panali akuluakulu ena omwe ndi alangizi kale kumaboma, ndipo kwathu kuno kudzudzula munthu pamaso pa anthu kuli ngati kumuvula. Mmodzi yekha amene analemba kuti "mawu akuvuta pakatipo" uthenga wake unakwiririka pansi pa za maliro ndi malonda a kaunjika. Mwiniwake anadzamva za vutoli kwa aphunzitsi, malikisi atapita kale. Zimandiwawabe, chifukwa anali atalimbikira, ndipo amene anamugwiritsa mwala ndi anthu a pagulu, osati pulogalamuyo.

Google Docs, pulogalamu yolembera pa intaneti yomwe anthu angapo angathe kuona ndi kulemba pa tsamba limodzi, ndi yomwe ndimaikonda, sindibisa. Ndemanga imamatirira pa chiganizo chenichenicho: "Mawu awa mlimi wa ku Mitundu sangawamve, pezani ena." Mnzako akhozanso kupereka maganizo a kasinthidwe osafufuta zako, iwe n'kusankha kuvomera kapena kukana. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mumaunikirana zolemba musanajambule, pomwe kukonza sikulira ndalama.

Chobisika chake ndi data. Bandulo ya WhatsApp siitsegula linki ya Docs kapena Drive (malo a Google osungirako mafayilo pa intaneti), umafunika bandulo ya intaneti yonse. Zolemba sizidya zambiri, koma anzako akayamba kuika mavidiyo akuluakulu pa Drive kuti uwaunike, bandulo ya sabata imatha usiku umodzi. Gwirizanani msanga kuti aliyense azichepetsa kukula kwa vidiyo asanaiike. Dzina lako limaonekanso pa ndemanga ukalowa ndi akaunti yako, ndiye sankhani anthu awiri kapena atatu omasukirana.

Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yomwe aphunzitsi amaikapo maphunziro ndi kulandirirapo ntchito za ophunzira, ili ndi mbali yotchedwa Workshop, yopangidwira ntchito imeneyi. Imatha kugawa yokha ntchito mwachisawawa, mayina akhoza kubisika, ndipo mumatsatira mfundo zoyezera zomwe aphunzitsi alemba. Umalandira malikisi awiri, a ntchito yako ndi a momwe waunikira anzako, 80 ndi 20 ngati aphunzitsi sanasinthe. N'chifukwa chake "zili bho" kumeneko sayenda, ndipo ndemanga zoona zomwe ndinalandirapo zinachokera komweko. Vuto lake, ophunzira sitingaitsegule tokha. Imayenda m'magawo, ndipo ndemanga umaziona ntchito utaipereka kale, kubwerera ku dimba kukajambulanso kutavuta.

Zokumana maso ndi maso n'zabwino, koma wina akakhala ku Kawale wina ku Bunda, thiransipoti imaposa data.

Ndiye ine ndimatero: zolemba ziyambe pa Docs ndi anthu ochepa. Potumiza musangoti "tandionereni". Funsani chinthu chenicheni, monga ngati mafunso a kumapeto akugwirizana ndi zomwe mwaphunzitsa. Akakuyankhani musayambe kudziteteza, funsani kuti akanakonza bwanji. Vidiyo ikatha, itumizeni kwa munthu mmodzi kumbali pa WhatsApp, aionere pa foni yake popanda mahedifoni, akuuzeni mphindi yomwe mawu akutayika. Ndipo aphunzitsi anu ngati amagwiritsa ntchito Moodle, apempheni atsegule Workshop kudakali milungu iwiri tsiku lopereka ntchito yomaliza lisanafike.